Hebocon: mpikisano wa maloboti umene unalandira mwana wanga ndi katoni yake ya mkaka

Kapepala kake anabwera nako kunyumba ndi mwana wanga, katakwinyika m'chikwama cha kusukulu. Panali chithunzi cha kabokosi kokhala ndi maso awiri ojambula pamanja, m'munsi mwake mawu a Chijapanizi omwe iye amawerenga bwino kuposa ine. "Amayi, akuti kuli mpikisano wa maloboti. Koma akuti amene amadziwa kupanga asavutike n'kubwera." Ndinayesa sanamve bwino. M'mawa mwake ndinamuonetsa mnzanga wa m'kalasi kuyunivesite, ndipo anati mwanayo wawerenga zolondola, umenewo ndi Hebocon.

Ine ndine mphunzitsi wa Physics pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza, ndipo ndili kuno ku Japan pa maphunziro a zaka ziwiri. Mnyamata wangayu ali ndi zaka 10. Loweruka lapitali tinathera tsiku lonse ku mpikisanowu, ndiye ndati ndilembe zimene ndinaona, zabwino ndi zofuna kukonza, pothandiza makolo ndi aphunzitsi anzanga amene angakumane ndi chinthu chonga ichi kumene ali. Ndikati maloboti sindikunena magetsi a pamphambano za m'tauni aja ayi. Ndikunena timakina toyenda tokha, tokankhana pathabwa.

Hebocon anaiyambitsa ku Tokyo mu 2014 ndi Daiju Ishikawa, mlembi wa pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Daily Portal Z. Dzinali likuchokera ku liwu lakuti heboi, limene amanenera chinthu chopanda luso, chongolumikizalumikiza, choti ukachiona umadziwiratu kuti wachipanga sanaphunzire ntchitoyo. Kuti mumvetse chifukwa chake zinagwira mtima anthu, muyenera kudziwa kuti dziko lino lili ndi mipikisano ya maloboti yoopsa. Wailesi ya kanema ya NHK yakhala ikuonetsa Robocon kuyambira 1988, ndipo kumeneko ophunzira a m'makoleji a zaluso amatha miyezi akupanga makina oti munthu wamba ukaona umangogwira pakamwa. Mwana woonerera pa TV amachokapo ndi maganizo akuti zimenezi n'za anthu ena, anzeru zobadwa nazo. Ishikawa anatsegulira khomo otsalawo. Mpikisano woyamba unali ndi maloboti 31, mu 2016 kunachitika wa dziko lonse ku Tokyo komweko, ndipo lero magulu a m'mayiko ambiri amakonza yawoyawo potsatira malamulo omwewo.

Wathuwu sunali waukulu wa ku Tokyo. Unakonzedwa ndi kagulu ka anthu odzipereka a m'dera lomwe tikukhala, m'holo yaing'ono ya m'deralo. Kulembetsa loboti imodzi kunali ma yen 500 (yen ndi ndalama ya kuno ku Japan), pafupifupi mtengo wa chakudya chamasana chimodzi chapafupi, ndipo oonerera amalowa ulere.

Malamulo ake ndi a sumo, masewera a Chijapanizi olimbana, momwe umapambana ukamugwetsa mnzako kapena kumukankhira kunja kwa bwalo. Bwalo ndi thabwa la mita imodzi m'litali, theka la mita m'lifupi. Loboti isapitirire masentimita 50 mbali zonse ziwiri, ndipo isalemere kuposa kilogalamu imodzi. Iliyonse imayambira kumapeto kwake kwa thabwa. Yagwa chagada kapena cham'mbali yaluza, yatuluka m'thabwa yaluza, ndipo nthawi yake ndi mphindi imodzi yokha. Zida zoonongera mnzako mwadala, monga chobowolera chamagetsi, n'zoletsedwa. Koma lamulo limene linandikhazika pansi ndi lija la chilango cha ukatswiri: ukabweretsa loboti yanzeru kwambiri, yodziona yokha njira kapena yoyendetsedwa mwaluso ndi kompyuta, amakulanga. Zaka zonse ndakhala mphunzitsi sindinaonepo mpikisano umene umauza wodziwa kuti abwerere m'mbuyo pang'ono kuti wosadziwa apeze poima.

Tinali ndi masabata awiri okonzekera, ndipo vuto loyamba linali loti sindinaliganizire: kapepala kaja kanati maloboti akhale a zinthu zakutha, nanga zakuthazo tizipeza kuti? Kwathu mwana amangozungulira kuseri kwa nyumba, kudzala, kapena kupita kwa bambo wokonza mawailesi pa msika, n'kubwerako manja odzaza. Kuno zinyalala amazisankha m'magulumagulu, gulu lililonse ndi tsiku lake lotaya, ndipo m'madera ambiri saloleza kutola zimene anthu asiya pamalo otayirapo. Choncho tinapita ku Hard Off, sitolo ya katundu wakale, kumene ali ndi kona ya zinthu zakufa zogulitsidwa opanda chitsimikizo choti zigwira ntchito. Tinagula makina a DVD osayaka pa ma yen 550. Zina zonse zinachokera m'nyumba: katoni ya mkaka ya lita imodzi, zivindikiro zinayi za mabotolo a jamu, timitengo todyera, malabala omangira ndiwo zamasamba, ndi kafosholo kowolera zinyalala komwe kanathyoka chogwirira.

Ndinadziletsa kuti ndisamugwirire ntchito. Zimenezi n'zovuta kwa mayi, n'zovutanso kawiri kwa mphunzitsi amene akuona cholakwa chikubwera. Ndinangomuthandiza kumasula makinawo, popeza m'kati muli zitsulo zakuthwa, ndipo ndinamuletsa kukhudza mbali ya magetsi olowera kukhoma. Chimene tinkafuna ndi kamota kamene kamatulutsa ndi kubweza kathireyi koikapo chimbale, pamodzi ndi kalamba kake ka mphira ndi magiya ake apulasitiki.

Iye anayamba ndi kumata teyala pa kamota penipenipo. Atanyamula m'mwamba, teyala linazungulira mwaukali mpaka anakuwa ndi chimwemwe. Ataika pansi, kanthu kaja kanangolira osasuntha. Anayesa katatu. Kachinayi anandiyang'ana, ndipo ndinangomufunsa kuti magiya aja anawaikiranji m'makinamo. Anakhala nawo madzulo onse. Atawabwezera pakati pa kamota ndi teyala, loboti inayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati nkhono, koma inkakankha kapu yodzaza madzi osaima. Anazindikira yekha kuti liwiro walisinthanitsa ndi mphamvu, ngati mmene amachitira wa njinga ya kabaza akafika pachitunda. Tsiku lina mateyala ankangoterereka pansi, n'kuwakulunga malabala. Tsiku linanso loboti inkagwa ikangogunda chinthu, chifukwa mabatire atatu aja anawamata pamwamba pa katoni. Atawatsitsira pansi penipeni, inakhazikika. Kafosholo kanapita kutsogolo, mlomo wake ukukhudza pansi, kuti kazilowa kunsi kwa mdani. Pamwamba pake anasomekapo kamtengo kodyera ngati mlomo wautali, n'kuitcha Nankafumbwe, chifukwa agogo ake anamuuzapo kuti kachilombo kameneka n'kakang'ono koma kamatha nkhokwe. Pa sikelo ya kukhitchini inalemera magalamu 640.

Holo anatsegula 10 koloko m'mawa. Mbali imodzi anayala matebulo a anthu obwera chimanjamanja: makatoni, mabotolo, zidole zothyoka, timamota, mabatire, tepi ndi timfuti ta guluu wotentha. Apa okonza ndiwayamikire, chifukwa munthu amatha kulowa asakudziwa kanthu, n'kufika masana ali ndi loboti yakeyake. Ndinaona bambo wina amene anangoperekeza mwana, koma pofika 11 koloko anali atavula jekete akulimbana ndi kamota kake. Maloboti onse anakwana 16. Anaika kamera pamwamba pa thabwa, chithunzi chikuoneka pakhoma, kotero ngakhale okhala kumbuyo ankaona zonse.

Mpikisano usanayambe, aliyense amaima kutsogolo kufotokoza loboti yake: dzina, chimene anapangira, ndi chida chake chachinsinsi. Gawo limeneli musaliphonye, ndi pamene pali mtima wa tsikulo. Agogo ena aamuna, a imvi zawo, anabweretsa patapata womangidwa pa kagalimoto kopukusa ndi kiyi, n'kunena kuti mdzukulu wawo ndiye anawakakamiza. Mayi wina wogwira ntchito mu ofesi anamangirira chopukusira mazira kutsogolo kwa bokosi la nsapato. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kanadula mitu ya miswachi inayi n'kuika pamwamba kamota kokhala ndi kachitsulo kolemera mbali imodzi. Kamotako kakazungulira kamanjenjemera, ndipo kunjenjemerako n'kumene kumayendetsa miswachi, popanda teyala ngakhale limodzi. Mwana wanga atafika, mawu ankanjenjemera, koma anafotokoza m'Chijapanizi kuti nankafumbwe n'chiyani ndipo amadya chiyani. Holo yonse inayesa kutchula dzinalo pamodzi, ndipo wolengeza analibwereza mpaka analikhoza.

Pa mpikisano woyamba tinakumana ndi loboti yaitali, yopangidwa ndi mabotolo atatu osanjikizana, pamwamba mutu wa chidole. Popeza palibe rimoti, umangoilozetsa, kuyatsa swichi, n'kuchotsa manja. Nankafumbwe anayenda pang'onopang'ono, anthu akukuwa kuti ganbare, kumene kuli kunena kuti limbikira. Kafosholo kanalowa kunsi kwa mabotolo, nsanja ija inapendekeka, n'kugwa. Mwana wanga sanadumphe. Anatembenukira kwa ine n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, yake yalemera kumutu." Ndi zimene iye mwini anavutika nazo masiku anayi m'mbuyomo.

Koma chimene ndalembera nkhaniyi chinachitika pa mpikisano wachiwiri. Pa nthawi yopuma, waya wina unasololoka pa kamota. Pofulumira, mwana wanga anachotsa mawaya onse awiri n'kuwamanganso. Anali kukumana ndi patapata wa agogo aja. Wolengeza atawerenga, mwanayo anayatsa swichi, ndipo Nankafumbwe anabwerera chambuyo, n'kutsika pathabwa kumbali kwake komwe, masekondi atatu asanathe. Patapata anali asanafike n'komwe pakati.

Mtima wanga unalumpha, chifukwa mwana wangayu ndimamudziwa, amasunga zinthu. Holo inaphulika ndi kuseka ndi kuomba m'manja. Kuseka kulipo kwamitundu. Pali kuseka kumene kumamugwetsa mwana nkhope n'kumutseka pakamwa chaka chonse. Ndimakudziwa bwino, ndimakumva m'kalasi mwanga wina akalakwitsa pa bolodi, ndipo ndataya nako ophunzira ambiri, makamaka atsikana, amene anasiya kukweza dzanja kuyambira tsiku limenelo. Kumene ndinamva m'holo muja kunali kwina. Aliyense woseka anali atanyamula m'manja chinthu chakechake chosayenda bwino, ndipo ankadziwa kuti mphindi zochepa zikubwerazo akhoza kukhala iye. Agogo aja anawerama, n'kugwira mwanayo dzanja ndi manja awiri. Wolengeza anamupatsa maikolofoni n'kumufunsa kuti chachitika n'chiyani. Iye anatembenuza loboti, kuyang'ana kunsi, n'kuyankha kuti wasinthanitsa mawaya, ndiye magetsi ayenda mobwerera, kamota nako kazungulira mobwerera. Anamuomberanso m'manja, kuposa poyamba.

Phunziro limeneli ndimaliphunzitsa chaka ndi chaka ndi choko. Ndimajambula batire, mivi, chizindikiro cha kuphatikiza ndi cha kuchotsera, ndipo pa mayeso ambiri amalemba zimene analoweza osadziwa kuti zikutanthauza chiyani. Mwana uyu analiphunzira m'masekondi atatu, pamaso pa anthu, ndipo sanachite nalo manyazi.

Amene anapambana mpikisano wonse anali mnyamata wa sekondale, loboti yake yafulati, yolemera pafupifupi kilogalamu yonse yololedwayo. Analandira chikho cha katoni. Koma mphoto imene aliyense ankadikira ndi ya loboti ya heboi kuposa zonse, imene oonerera amavotera. Inapita kwa kamtsikana ka miswachi, kamene loboti yake inazungulira malo amodzi mphindi yonse osakhudza mdani. Kanatenga chikho chake kakumwetulira, mayi ake akupukuta misozi. Ine ndinakavotera chifukwa china: pa maloboti 16 onsewo, ndi iko kokha kamene kanayesa njira yoyendera imene ena onse sanaiganize.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, ndipo izi ndikunena za okonza a m'dera lathu, osati za mpikisano wa mtunduwu paliponse.

Timfuti ta guluu tinali titatu, ana oposa khumi ndi asanu. Mzere unali wautali, ndipo panalibe wamkulu woimirira pomwepo. Kamnyamata kena kanapsa chala, ndipo tinachita kuthamanga nako mpaka kumpopi wa kuchimbudzi kumapeto kwa khonde. Guluu ameneyu amatentha kwambiri ndipo amamatirira pakhungu. Beseni la madzi ozizira ndi munthu mmodzi woyang'anira zikanakwanira. Mipeni yodulira makatoni nayo inkangosiyidwa yotsegula patebulo. Ngati mukupita ndi mwana wosakwana zaka zisanu ndi zitatu, musamusiye yekha pa tebulo limenelo.

Chachiwiri chinandipweteka kwambiri. Pa kapepala paja analemba kuti ndi maloboti a zinthu zakutha, koma zambiri za patebulo zinali zatsopano, zogulidwa m'masitolo a katundu wa ma yen 100, zina zikadali ndi timapepala ta mtengo. Madzulo, mabanja angapo anangochotsa mabatire n'kuponya maloboti awo m'matumba a zinyalala, timamota tabwinobwino tili momwemo. Ndinapempha chilolezo n'kutolapo timamota tisanu ndi tiwiri. Ine wochokera kusukulu imene kamota kamodzi ndimakasunga m'kabati yokiya, sindikanatha kungoyang'ana. Okonza akanaika bokosi pakhomo lobwezeramo zida, zikanagwiranso ntchito chaka chamawa.

Chachitatu n'chaching'ono koma ndichinene. Panali akuluakulu awiri kapena atatu ooneka kuti ntchitoyi amaidziwa, amene anapanga dala zinthu zoseketsa kuti atenge mavoti. Anthu anasangalala nawo, koma kulephera kochita kukonzekera kumasiyana ndi kwa munthu amene wayesetsa ndi mtima wonse, ndipo ana amakuzindikira. Ndikanakonda ana akanakhala ndi mphoto yawoyawo. Zonse zinalinso m'Chijapanizi, malamulo ngakhalenso zolengeza, choncho mlendo wosamva chinenerochi apite ndi womasulira. Ine womasulira wanga anali mwana wanga yemweyo.

Ndinadzifunsanso ngati akanawonjezera mphindi zisanu pamapeto, zoti wina afotokoze chifukwa chake maloboti aatali amagwa, kapena chifukwa chake othamanga kwambiri amadzitulutsa okha m'thabwa. Mphunzitsi amene ali mwa ine ankazifuna. Koma pobwerera m'sitima ndinasintha maganizo. Ana ankafunsana okha mafunso amenewa m'makona a holo, atagwada pansi, akutembenuzirana maloboti. Kuimika munthu kutsogolo ndi bolodi kukanawabweza m'kalasi, kumene ambiri a iwo anaphunzira kale kukhala chete.

Amene mukufuna moto ndi zitsulo zouluka, kuno si kwanu. Za pa TV monga BattleBots ya ku America zimakhala ndi makina ofika makilogalamu 113, okhala ndi zitsulo zozungulira mwaukali, omenyana m'chipinda chotchingidwa ndi magalasi olimba, ndipo zimadya ndalama zambiri. Ku Britain kulinso timaloboti ta magalamu 150 tomenyana m'kabokosi kotsekedwa, koma tomwe timafuna rimoti, mabatire apadera ndi luso lowotcherera mawaya. Zimenezo ndi sitepe yotsatira kwa mwana amene wagwidwa ndi chidwi. Hebocon ndi ya munthu amene sanagwirepo kamota, wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena makumi asanu ndi awiri. Zathu zonse, kulembetsa, makina a DVD, mabatire ndi tepi, sizinafike ma yen 2,000.

Tsiku lonselo ndinkakumbukira magalimoto a mawaya. Azichimwene anga ankawapanga pansi pa mtengo wa mango, ndi chiwongolero chachitali, mateyala a zitini za polishi, mpaka masipuling'i oti galimoto izinesa pa mabampu. Luso limenelo limaposa la maloboti ambiri amene ndinaona Loweruka. Ine ndikayandikira ankandibweza kuti ndikatsuke mbale kapena ndikasewere phada ndi atsikana anzanga, ndipo ndinagwira waya ndi batire koyamba ndili kale ku koleji. M'holo muja pafupifupi theka la opikisana anali atsikana ndi amayi, ndipo palibe amene anaziona zachilendo. Ndikukhulupirira kuti lamulo lija la chilango cha ukatswiri ndi limene linawabweretsa. Pamene palibe wofunsa kuti unayamba liti, amene sanaloledwe kuyamba amabwera.

Ndikabwerera ku Dedza ndidzayesa izi ndi a Folomu 2. Thabwa lilipo, chitseko chakale cha kabati chikwanira. Mawailesi ndi ma DVD akufa ndidzapempha kwa okonza zamagetsi pa msika. Chodula ndi mabatire, choncho ndidzalola oyendera mphira yopota, msampha wa mbewa, ngakhale chibaluni. Atsikana ndidzawapatsa timamota choyamba, anyamata akatswiri a magalimoto a mawaya ndidzawaika kukhala oweruza, ndipo pa tebulo la guluu, ngati tidzakhala naye, padzakhala beseni la madzi. Timamota tisanu ndi tiwiri tija ndatikulunga kale m'sokosi, tili m'sutikesi.

Lamulungu m'mawa ndinadzuka n'kupeza Nankafumbwe ataphwasulidwa patebulo lodyera, mwini wake atatenga kabotolo kanga ka utoto wofiira wa zikhadabo. Anali akupaka kadontho pa waya umodzi ndi kadontho kena pa mwendo wake wa kamota. "Amayi, musakhudze, sunaume. Komanso musataye katoni ya mkaka iyo, ndikufuna ziwiri."